Phiri la Songwe: zomwe timauzana kwa Nazombe ndi zomwe zili pa mapepala

Kwa Nazombe m'boma la Phalombe kuli kaphiri kotchedwa Songwe, kotsamira phiri la Mauze, pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. M'mimba mwake muli miyala ya rare earths, makamaka neodymium ndi praseodymium, yomwe amapangira maginito amphamvu a galimoto zoyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Kampani ya Mkango Resources ya ku Canada, kudzera mu nthambi yake ya Lancaster Exploration, ndiyo ikufuna kutsegula mgodi pamenepo. Nkhani ya phirili ikangoyambika, kaya ndi pamsika wa Chiringa kaya ndi pamaliro, sichedwa kusanduka ya ndale. Munthu asanamalize n'komwe kufotokoza, wina wamudula kale: “Mwamva pa wailesi iti zimenezo?” Akatchula wailesiyo, mlandu watha, aliyense wadziwa mbali yake. Madzi, minda ndi ndalama, zomwe zikutikhudza tonse, zimatsala osakambidwa.

Mphekesera yomwe imayenda kwambiri ndi yoti miyala inayamba kalekale kutuluka ndipo azungu akuisamutsa mwakabisira. Anthu ali ndi chifukwa choganizira choncho, poti akhala akuona makina ndi galimoto pa phiripo kwa zaka zambiri. Akatswiri a ku Japan anafufuzapo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo a Mkango anayamba cha m'ma 2010. Koma ntchito yakhala ikuchitikapo ndi yofufuza. Makina amaboola pansi n'kutulutsa mwala wautali woburungira ngati nzimbe, amauyala m'mabokosi, kulemba nambala ndi kuya kwa pomwe wachokera, kenaka kudula zidutswa zokayeza kunja. Lipoti lalikulu loonetsa kuti mgodi ungapindule linatuluka mu Julayi 2022 ndipo linawerengera zaka 18 zokumba. Pomwe boma linkasainirana mgwirizano ndi kampaniyi mu Julayi 2024, mgodi weniweniwo unali usanamangidwe. Mphekeserayi imatipweteka mwanjira ina yomwe sitiiona: munthu wokhulupirira kuti chuma chinabedwa kale amataya mtima, saonanso chifukwa chofunsira za chuma chomwe chikadali pansi.

Za mawailesi, ambiri timati ya boma imanama ndipo zoyima pazokha ndizo zimanena zoona. Mbali yoyambayo ili ndi mbiri yake. MBC inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo kwa zaka 30 inali pakamwa pa chipani chimodzi. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, chizolowezi sichinathe. Akuluakulu akukumbukira pulogalamu ya Makiyolobasi ya nthawi ya Bingu wa Mutharika, yomwe inkanyoza otsutsa boma mpaka aphungu otsutsa anapatsa MBC K1 yokha mu ndondomeko ya chuma. Chipani chilichonse chikakhala kunja chimadandaula za MBC, chikalowa m'boma dandaulo lija limazilala, ngakhale lamulo la zofalitsa nkhani limalamula nyumbayi kuti izitumikira Amalawi onse mosakondera.

Koma nyumba zoyima pazokha nazo zili ndi eni ake, ndipo eni akewo sanakhale kutali ndi ndale. Nyuzipepala ya The Nation inayambitsidwa mu 1993 ndi Aleke Banda, wandale wodziwika. Kampani ya Times inachokera m'manja mwa Kamuzu Banda ndi banja lake. Gospel Kazako, yemwe anayambitsa Zodiak mu 2005, anadzakhala nduna yofalitsa nkhani mu 2020. Izi sizikutanthauza kuti atolankhani a nyumbazi ndi abodza, ayi. Ambiri agwira ntchito yolimba mtima ndipo ena anamangidwapo chifukwa cha zolemba zawo. Koma nyumba iliyonse imadya ndalama za otsatsa malonda, ndipo wotsatsa wamkulu m'dziko muno ndi boma. Mu 2010 boma linaleka kutsatsa mu The Nation chifukwa chosakondwa ndi zolemba zake, ndipo nyumba zina zonse zinamva uthengawo.

Pa nkhani ngati ya Songwe, kukondera koopsa sikukhala bodza lenileni. Kumakhala kusafika. Mtolankhani wa ku Blantyre alibe mafuta opitira kwa Nazombe payekha. Amapita tsiku lomwe waitanidwa, pa galimoto ya amene akonza mwambowo, kaya ndi unduna, kampani kapena bungwe lotsutsa migodi. Amafika mipando itayalidwa, amajambula mawu a mlendo wolemekezeka, a bwanamkubwa ndi a mfumu, amalandira chipondamthengo, dzuwa lisanapendeke wabwerera. Mayi wolima nandolo kumunsi kwa phiri, yemwe akufuna kudziwa ngati munda wake uli mkati mwa malire a mgodi, anali pomwepo kumbuyo kwa gulu lovina koma palibe anamufunsa. Madzulo nkhani imamveka pa wailesi, mawu onse ndi oona, koma funso la mayi uja mulibe. Zimenezi zimachitika pa wailesi ya boma ndi yoyima payokha yomwe. N'chifukwa chake dzina la wailesi silingatiuze zambiri. Tizimvetsera ngati mtolankhaniyo watchula pepala lomwe waona, nambala yomwe wawerenga, ndi munthu wa m'mudzi yemwe walankhula naye popanda akuluakulu pafupi.

Pali mawu ena omwe amatifooketsa kuposa onsewa: “Boma likafuna, lafuna.” N'zoona kuti mwa lamulo miyala ya pansi pa nthaka si ya mwini munda kapena ya mfumu, ndi ya dziko, ndipo chiphaso chimachokera ku boma. Koma mphamvuyo ili ndi malire olembedwa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu chotere iyambe yaunikidwa momwe ingakhudzire anthu ndi chilengedwe, anthu okhudzidwawo atafunsidwa maganizo. Wosamutsidwa ayenera kulandira chipukutamisozi. Kuyambira ndi lamulo la migodi la 2019, mgodi waukulu uyenera kusainirana mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira n'kumapereka 0.45 peresenti ya zomwe wagulitsa, kutanthauza K45 pa K10,000 iliyonse. Ndi yochepa, ndipo ine ndikuona kuti iyenera kukwera, koma ndi ufulu wa anthu, si mphatso yoomberedwa m'manja.

Mgwirizano wa 2024 nawo uli ndi manambala omwe analengezedwa: 5 peresenti ya zogulitsa ipite ku boma, msonkho wa 30 peresenti pa phindu, ndipo boma likhale ndi magawo 10 pa 100 alionse mu mgodiwo. Kuti tione kulemera kwake, tikumbukire za Kayelekera ku Karonga, komwe kampani ya Paladin inakumba uranium kuyambira 2009 mpaka 2014. Kumeneko gawo la boma pa zogulitsa linatsitsidwa kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira, ndipo mgwirizano wake unabisidwa kwa nthawi yaitali. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti dziko linataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi. Poyerekeza ndi pamenepo, manambala a Songwe ndi abwinopo, ndipo wonena kuti palibe chasintha akulakwitsa. Komabe msonkho wa pa phindu umadalira momwe phindulo lawerengedwera. Ndiponso ntchito yolekanitsa miyalayi umodzi ndi umodzi, yomwe imakweza mtengo wake, kampani ikufuna kukaichitira ku Puławy m'dziko la Poland. Zoterezi n'zimene aphungu athu akanamakambirana m'malo molimbirana kuti ndani anabweretsa mgodi.

Chikhulupiriro chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi choti wofunsa za chilengedwe ndi wotsutsa boma, wodana ndi chitukuko, kapena wadyetsedwa ndi mabungwe akunja. Munthu wa ku Phalombe safunikira mzungu kuti amuuze zomwe madzi amachita. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, matope ndi miyala zinatsika n'kupha anthu mazanamazana, ndipo lamulo loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dziko muno linabadwa chaka chomwecho chifukwa cha tsokalo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakwirira midzi ya kwa Nkhulambe, anansi athu, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Agogo athu amati wadutsa Napolo. Akatswiri amati dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi a masiku angapo limasiyana ndi thanthwe n'kutsika lonse. Onsewa akugwirizana pa chimodzi, kuti dera lino mvula yake imasuntha mapiri.

Tsono mgodi wa mtundu uwu umasiya matope ochuluka zedi, chifukwa mwala wofunikawo ndi kagawo kakang'ono ka zomwe zakumbidwa. Pouchotsa amagwiritsa ntchito asidi ndi mankhwala ena, ndipo miyala ya rare earths nthawi zambiri imakhala ndi thorium pang'ono, yemwe amatulutsa cheza. Matope onsewo amasungidwa mu damu lomwe liyenera kukhala chiimire ngakhale mgodi utatsekedwa, kampani itapita. Damu lotere likamangidwa bwino limagwira. Likamangidwa mwachinyengo limaphulika, monga zinachitikira ku Chambishi m'dziko la Zambia mu Febuluwale 2025, pomwe damu la kampani ya Sino-Metals linataya madzi a asidi mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Kwathu kuno mitsinje monga Phalombe ndi Sombani imathera mu nyanja ya Chilwa, ndipo Chilwa alibe mtsinje wotulukira. Cholowamo chimakhala momwemo, pamodzi ndi matemba, mpunga wa m'madambo ndi madzi omwe ziweto zimamwa.

Sindikunena kuti mgodi wa Songwe udzaononga Chilwa, ndipo onena kuti mgodi uliwonse ndi imfa nawonso amalankhula mopanda umboni. Kampaniyi inachita kafukufuku wa zachilengedwe ndipo bungwe la boma la MEPA linamuvomereza mu Januwale 2023. Koma taonani masikuwo. Freddy anafika patangopita miyezi iwiri chivomerezocho chitaperekedwa. Choncho munthu wa kwa Nazombe akaimirira pamsonkhano n'kufunsa kuti damulo analiyeza ndi mvula yochuluka bwanji, ndipo ngati anabwereranso ku masamuwo Freddy atadutsa, sakutsutsa chitukuko ndipo sakuyankhulira chipani. Akufunsa funso lomwe injiniya aliyense wabwino angakondwe kuliyankha. Momwemonso wofunsa kuti madzi a mgodi adzatungidwa kuti, fumbi lidzalowera mbali iti, manda a makolo adzatani, ndiponso ndani adzasunge ndalama zokonzera malowo mgodi ukadzatha.

Mayankho a mafunsowa ali pa mapepala, ndipo mapepalawo tili ndi ufulu wowaona. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa zomwe boma likusunga, ndipo lamulo lake linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Munthu wamba, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera, mpingo, ngakhale gulu la achinyamata likhoza kulemba kalata ku khonsolo ya Phalombe, ku MEPA kapena ku unduna wa zamigodi kupempha lipoti la zachilengedwe, mapu a malire a mgodi ndi ndondomeko yosamutsira anthu. Ofesi iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ikakana popanda chifukwa, dandaulo limapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission.

Mafumu athu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, lembani makalatawo tsopano, mgodi usanamangidwe. Pemphani kuti mfundo zikuluzikulu zimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ziwerengedwe pabwalo anthu onse akumva. Ndipo inu atolankhani a wailesi za m'madera, monga Mzati ya ku Mulanje, bwerani kwa Nazombe tsiku lopanda mwambo, mudzafunse alimi a kumunsi kwa Songwe zomwe akufuna kudziwa, mukatifunsire ku Lilongwe.