Njovu zobadwa m'dziko la chipale

Mumzinda wa South Bend, kumpoto kwa Indiana, muli Amalawi ambiri ndithu, ndipo ana awo ena nyamalikiti yoyamba kuiona sanaione ku Majete. Anaiona ku Potawatomi Zoo, malo osungirako nyama a maekala 23 okha, omwe dzina lake linachokera kwa mtundu wa anthu eni nthaka ya kumeneko. Nyamalikiti zinafika kumeneko zaka zaposachedwapa, ndipo alendo amazipatsa masamba ndi dzanja. Ukaima pafupi umaona lilime lakuda bii, lalitali ngati lamba, likukulunga tsambalo n'kulowa nalo m'kamwa. Ana amakweranso kasitima kozungulira malowo. Koma chipale chikayamba kugwa, nyama za kwathu kunozi zimabindikira m'nyumba zotenthetsedwa, apo ayi sizingaone chaka chamawa.

Nkhani yaikulu ili kum'mwera, ulendo wa maola awiri ndi theka pagalimoto, ku Indianapolis Zoo. Malowa anatsegulidwa mu 1964 ndipo anasamukira ku White River State Park mu 1988. Kuli ma dolphin, kuli anyani a mtundu wa orangutan amene amayenda pazingwe m'mwamba mwa mitu ya anthu. Koma chimene chinatchukitsa malowa kwa asayansi ndi njovu.

Mu Malichi 2000, njovu yaikazi yotchedwa Kubwa inabereka mwana, Amali, popanda kukumana ndi yamphongo. Inali njovu yoyamba ya ku Africa kutenga bere mwa kuikiridwa umuna ndi madokotala. Mu Ogasiti chaka chomwecho inanso, Ivory, inabereka Ajani mwa njira yomweyo.

Si ntchito yamasewera. Njovu yaikazi imakhala yokonzeka kutenga bere katatu kapena kanayi kokha pachaka, kwa masiku owerengeka. Mwayi unabwera pamene asayansi anapeza kuti homoni yotulutsa dzira imakwera kawiri m'magazi a njovu, motalikirana pafupifupi milungu itatu. Kukwera koyamba ndi belu chabe, dzira limatuluka pa kwachiwiri. Choncho osamalira njovu amatenga magazi kuseri kwa khutu, kumene mitsempha imaonekera bwino, n'kuyamba kuwerenga masiku. Dokotala wa ku Berlin, Thomas Hildebrandt, ndiye anakonza luso lounika m'kati mwa chinyama chotere ndi makina. Zikatheka, kudikira kwake ndi miyezi 22.

Mlimi wa m'mphepete mwa Kasungu National Park, amene anagona kudimba akuomba zitini kuthamangitsa njovu, akamva zimenezi angopukusa mutu. Sangalakwe. Kwathu vuto ndi kusowa malo: mu 2022 njovu 263 zinachotsedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu chifukwa zinachuluka. Ku Indiana mwana mmodzi yekha ndi zaka za thukuta.

Ndipo mwanayo akhoza kupita m'masiku awiri. Mu Malichi 2019 njovu ziwiri zazing'ono za ku Indianapolis Zoo, Nyah ndi Kalina, zinafa motsatizana ndi kachilombo kotchedwa EEHV. Kachilomboka kamakhala phee m'matupi a njovu zazikulu osazidwalitsa, koma kakagwira yaing'ono yomwe chitetezo cha kwa mayi chatha m'thupi, kamawononga mitsempha ya magazi, magaziwo n'kuyamba kutayikira m'kati. Mutu umatupa, lilime limasanduka labuluu, ndipo zizindikirozi zikamaoneka nthawi imakhala itatha kale. Kale anthu ankaganiza kuti kamapha makamaka njovu za ku Asia. Imfa za ku Indianapolis zinasintha maganizo amenewo.

Lero malo ambiri osungirako njovu amayeza magazi a zazing'ono pafupipafupi, kuti kachilomboka kapezeke mwana asanafooke, ayambe kulandira mankhwala ndi madzi a m'magazi ochokera kwa njovu zinzake. N'chifukwa chake mlendo akafika m'mawa angaone kanjovu kakuphunzitsidwa kuima chete, khutu lili tambasu, kakulandira zipatso pamene wina akufunafuna mtsempha.