Munda Usafere Limodzi ndi Mwini Wake

Achikumbi a ku Nkope ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi sadalira chinthu chimodzi. Pakhomo pamodzi mupeza munda wa thonje, wa chimanga, bwato ndi makoka, mwinanso kagolosale m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Zonsezi ndi bizinesi ya banja, ngakhale ilibe chikwangwani. Funso limene ambiri safuna kulimva ndi ili: mwini wake akadzatsikira kulichete, adzaiyendetsa ndani?

Bizinesi ikhoza kuchoka m'manja mwa banja limene linaiyambitsa. Usodzi wa Maldeco, umene tonse tikuudziŵa, unayamba ngati ntchito ya banja la Agiriki la Yiannakis. Mu 1968 unapita m'manja mwa Malawi Development Corporation, ndipo mu 1989 unatengedwa ndi Press Corporation. Ngati zimenezi zichitika pa ntchito yaikulu chotere, nanga pa maekala asanu?

Mavuto ochokera kutali

Mtengo wa thonje sukhazikitsidwa ku Nkope, ndipo feteleza sapangidwa ku Mangochi. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu nayamba kuzungulira njira yaitali ndi yodula. Mu 1987 Boma linalola amalonda ena kugula mbewu za alimi, ntchito imene kuyambira 1971 inali m'manja mwa ADMARC. Mu 1992 kunagwa chilala, ndipo mu 1994 Kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziyendera msika. Mu 2011 thonje linakwera pa msika wa dziko lonse kuposa madola aŵiri pa paundi, koma posakhalitsa linatsikanso, ndipo amene anakuza minda mochedwa anagwira m'madzi. Nkhondo ya ku Ukraine ya 2022 inakweza mtengo wa feteleza. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023.

Mchikumbi wamkulu anaziona zonsezi ndipo anaphunzirapo kanthu. Adziŵa kuti chimanga cha chakudya sichigulitsidwa chonse ngakhale mtengo ukome, ndi kuti ndalama ya thonje igule feteleza msanga isanathe mphamvu m'thumba. Nzeru imeneyi ilibe chikalata. Akapanda kuiphunzitsa, ipita naye kumanda.

Wolowa m'malo ali kuti?

Kuno kwathu vutoli lili paŵiri. Loyamba ndi ulendo wa ku Joni. Wenela inaleka kutenga anthu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo TEBA inaleka mu 1988, koma anyamata sanaleke kupita. Ndalama zimene atumiza zimanga nyumba za malata, komabe munthu amene wakhala zaka khumi ku Johannesburg kapena ku Durban sadziŵa nthaŵi yopopera thonje. Ena anabwerako manjamanja pa zipolowe za 2008 ndi 2015, napeza munda wagonera.

Lachiŵiri ndi mwambo. M'midzi yambiri ya Ayao ndi Anyanja mwamuna akhala pa chikamwini, munda uyenda ku mbumba ya akazi, ndipo kale chuma cha mwamuna chinkapita kwa mwana wa mlongo wake. Koma lamulo la chuma chamasiye la 2011 liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Pamene banja silinakambirane, atsibweni agwira mwambo, ana agwira lamulo, ndipo pokangana mvula yoyamba ipita mbewu isanaloŵe pansi. Chaka chimodzi chosalima chikwanira kugulitsitsa bwato.

Zoyenera kuchita

Choyamba, sankhani woloŵa m'malo mukali ndi mphamvu, ndipo musayang'ane ana aamuna okha. Kaŵirikaŵiri mwana wamkazi ndiye atsala pamudzi ndi kugwira khasu. Mpatseni ndime yakeyake kwa zaka ziŵiri kapena zitatu, agule mbewu yekha, asankhe thonje m'magiredi yekha, akaime yekha pa sikelo. Alakwe inu mukuona. M'mera mpoyamba.

Chachiŵiri, itanani mwini mbumba, ankhoswe ndi anyakwaŵa, ndipo nenani poyera kuti munda uwu ndi wa mbumba, koma bwato, chigayo ndi ng'ombe ndi za inu ndi a kunyumba kwanu. Kenaka lembani wilo pamaso pa mboni ziŵiri zimene sizidzalandirapo kanthu.

Chachitatu, konzani zikalata. Nambala imene munalembetsa ngati mlimi ndi ya dzina lanu, ndipo mwana saigwiritsa ntchito mwakachetechete. Funsani alangizi za kasinthidwe ka dzina. Eni esiteti aone lisi yawo, pakuti malisi ambiri anali a zaka 21 zokha. A minda ya makolo afunse kwa mfumu ndi ku ofesi ya za malo za kalembera amene lamulo la 2016 linakhazikitsa.

Chachinayi, musabise ngongole. Lembani m'kabuku zimene munakongola ku kalabu kapena ku kampani, ndi amene ali ndi ngongole kwa inu. Mkazi wanu ndi woloŵa m'malo adziŵe pamene kabukuko kakhala.

Mau kwa a pa esiteti

Lamulo la ntchito losinthidwa mu 2021 linathetsa utenanti. Wogwira ntchito pa esiteti ayenera kulandira malipiro, ndipo ndi bwino pangano lilembedwe. Ngongole ya kholo si chifukwa chogwiritsira mwana ntchito. Kumbukirani kuti mu November 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa ku Malaŵi pa madoko ake pa nkhani yomweyi. Malo a pa esiteti si anu, choncho musataye munda wa kwanu. Chimene mudzasiyire ana ndi luso la nazale ndi chigafa, sukulu, ndi munda umenewo.

Nyengo ino ya malimwe, thonje litazulidwa ndi kutenthedwa, ndiyo nthaŵi yabwino yokhala pansi ndi banja. Alangizi a m'dera lanu ali okonzeka kukuthandizani pa zikalata. Musadikire matenda.