Nduna ya Mazenera: Za Kukonza Menyu ndi Timazenera ta Mafunso pa Kompyuta

Anthu ambiri amene amagwira ntchito pa kompyuta tsiku ndi tsiku, akadina batani la mausi n'kuona menyu itatambasuka pa sikirini, amayesa kuti mndandanda umenewo unaikidwa kamodzi kokha ndi eni ake ku fakitale, ndi kuti munthu wamba alibe mphamvu yosuntha ngakhale kalemba kamodzi ka m'menemo. Pa makompyuta ambiri maganizo amenewa sali kutali ndi choonadi. Koma pali banja lina la makompyuta, la Unix ndi Linux, m'mene menyu ili chabe kalata yolembedwa ndi dzanja la munthu, yosungidwa m'fayilo imene mwini kompyuta angathe kuitsegula, kuiwerenga, kufafaniza chimene sichimkomera ndi kulembamo chimene mtima wake ufuna. Ndipo chiyambi cha ufulu umenewu chiyenera kufotokozedwa, pakuti sunadze mwangozi.

M'chaka cha 1984, pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, Bob Scheifler ndi Jim Gettys anayamba kumanga chimene chinatchedwa X Window System, ndiyo pulogalamu yojambula mazenera pa sikirini ndi kumvera kiyibodi ndi mausi. Ndipo mtundu wake wotchedwa X11, umene ukugwirabe ntchito kufikira lero, unatuluka mu 1987. Amisiri amenewa anapangana chinthu chimene ena anachiyesa nzeru ndipo ena ulesi: kuti iwo apereka zipangizo zokha, koma sadzaika lamulo la mmene zenera liyenera kuonekera, kapena malo amene liyenera kukhala. Udindo umenewo anausiyira pulogalamu ina yapadera, yotchedwa window manager, imene munthu angathe kuichotsa n'kuikapo ina monga afunira. Ntchito yake ikunga ya nduna ya pabwalo la mfumu, imene imaonetsa aliyense pokhala pake, niloza amene ayenera kulankhula tsopano, nikhazika pansi amene watha, koma siilowerera m'mawu a mwini mlandu. Ndiyo imene imajambula mpendero wa zenera ndi mutu wake, ndiyo imene imalisuntha, kulikulitsa ndi kulibisa, ndiponso ndiyo imene imatulutsa menyu munthu akadina pa malo opanda kanthu.

Mwa nduna zoyambazo, yotchuka inali twm, imene Tom LaStrange analemba mu 1987. Patapita zaka, mu 1993, Robert Nation, amene anali ndi kompyuta ya m'manja ya mtundu wa 486 yokhala ndi memori ya ma megabyte 4 okha, poona kuti twm ikudya malo ochuluka, anaikonza nayichepetsa, ndipo chimene chinabadwa ndicho FVWM. Pulogalamu imeneyi yakhalitsa, ndipo yabala ana, monga AfterStep ndi FVWM95 imene inkatsanzira maonekedwe a Windows 95. Mtundu wake wachitatu unatuluka mu 2020. Ndaisankha kukhala chitsanzo chathu chifukwa m'menemo mulibe chobisika, pakuti zonse zimene imachita zimachokera m'fayilo imodzi yotchedwa config, yokhala m'foda ya .fvwm ya mwini kompyuta, ndipo fayiloyo imawerengedwa mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba kufikira pansi, nthawi iliyonse pulogalamuyo ikadzuka.

Taonani tsono mmene menyu imalembedwera:

DestroyMenu MenyuYanga
AddToMenu MenyuYanga "Ntchito zanga" Title
+ "&Kulemba kalata" Exec exec libreoffice --writer
+ "&Intaneti" Exec exec firefox
+ "" Nop
+ "Zina ndi zina" Popup MenyuYachiwiri
+ "Dzutsanso FVWM" Restart
Mouse 1 R A Menu MenyuYanga

Mzere uliwonse uli ndi mbali ziwiri, mawu amene diso lidzaona ndi ntchito imene idzachitike. Mawu ali pakati pa zizindikiro zogwira mawuwo ndi a mwini, ndipo kompyuta ilibe nawo kanthu kaya ali m'Chingerezi, m'Chifalansa kapena m'Chichewa, kotero kuti mphunzitsi amene wapatsidwa makompyuta akale a ana a sukulu angathe kuwalembera menyu m'chinenero chawo madzulo amodzi, osapempha chilolezo kwa munthu aliyense. Mawu otsatirawo ndiwo sasinthika: Exec amadzutsa pulogalamu, Popup amatsegula menyu ina pambali, Title amaika mutu, ndipo Nop wopanda dzina amangojambula kamzere kolekanitsa. Kachizindikiro ka & kamasankha lemba limene munthu angadine pa kiyibodi m'malo molondola ndi mausi. Mzere woyamba uja, umene uoneka ngati wowononga, uli ndi chifukwa chake, pakuti AddToMenu amangoonjezera pa zimene zilipo kale, ndipo fayiloyo ikawerengedwa kachiwiri popanda kufafaniza menyu yakale, chinthu chilichonse chidzaoneka kawiri. Mzere wotsiriza ndiwo umangirira menyuyo ku dzanja: batani loyamba la mausi, likadinidwa pa malo opanda zenera, kaya munthu wagwira batani lina la kiyibodi kapena ayi, litulutse menyu imeneyi. Mitundu, kukula kwa malemba ndi kufulumira kwa menyu zapambali zimakonzedwa ndi lamulo lina lotchedwa MenuStyle, ndipo pa zimenezo sitichedwapo.

Chovuta si kulemba mizereyi; chovuta ndi kuweruza chimene chiyenera kulowamo. Munthu amene wangozindikira kumene mphamvu imeneyi amagwa m'chiyeso chodzaza menyu ndi pulogalamu iliyonse imene ili m'kompyuta, naika menyu m'kati mwa menyu kufikira mibadwo inayi, mwakuti pofuna kutsegula chinthu chimene amachigwiritsa ntchito m'mawa uliwonse ayenera kuyendetsa mausi mosamala ngati wonyamula madzi odzaza, ndipo dzanja likangoterereka pang'ono zonse zimatsekeka. Mu 1954 Paul Fitts, katswiri wa maphunziro a maganizo a munthu, anaonetsa kuti nthawi imene dzanja limatenga kufika pa chinthu imakula monga mtunda ukula, nichepa monga chinthucho chikula. Ubwino wonse wa menyu yotuluka pamene pali mausi wagona pamenepa, pakuti mtunda wake uli pafupifupi wosawerengeka. Ndipo amene amakwirira zinthu zofunika pansi pa menyu zitatu wataya ndi manja ake omwe phindu limene anapatsidwa. Kwa ine, zimene munthu amazifuna tsiku lililonse zikhale pamwamba ndipo zikhale zowerengeka, za kamodzikamodzi zipite pambali, ndipo lamulo lotseka zonse likhale pansi penipeni, kuseri kwa kamzere, kutali ndi dzanja lofulumira.

Si nduna zonse zimene zimalankhula chinenero chimodzi. Openbox, imene inachokera ku Blackbox, imasunga menyu yake m'fayilo yotchedwa menu.xml ndi malamulo ena mu rc.xml, ndipo kalembedwe ka XML n'kosakhululuka, pakuti chilichonse chotsegulidwa chiyenera kutsekedwa, ndipo kachizindikiro kamodzi koiwalika kangathe kukanitsa fayilo yonse. Menyu yolembedwa ndi dzanja ilinso ndi chilema ichi, chakuti siidziwa pulogalamu yatsopano imene yaikidwa dzulo. Pofuna kuchiza nthenda imeneyi, a bungwe la freedesktop.org, limene Havoc Pennington anayambitsa mu 2000, anagwirizana kuti pulogalamu iliyonse izidza ndi kafayilo kake kothera ndi .desktop, kosungidwa m'foda ya /usr/share/applications, konena dzina lake, chithunzi chake, gulu lake ndi lamulo loidzutsira. Ndipo m'kafayilo komweko dzinalo lingathe kulembedwa m'zinenero zambiri, chilichonse ndi chizindikiro chake, cha Chichewa chili ny. FVWM ili ndi kapulogalamu kotchedwa fvwm-menu-desktop kamene kamasonkhanitsa timafayilo timeneti n'kumanga menyu, ndipo Openbox imalola menyu imene imalembedwa ndi pulogalamu ina pa nthawi yomwe ikutsegulidwa. Anthu ochenjera amaphatikiza njira ziwirizi: pamwamba zosankha zawo, pambali mndandanda wodzimanga wokha.

Tikafika pa timazenera ta mafunso, timene amisiri amatitcha dialog, nkhani imasintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya masiku awo pachabe. Kazenera kamene kamatuluka kufunsa ngati mufuna kusunga kalata yanu musanatseke, kapena kokuuzani kuti musankhe fayilo, si ka window manager ayi. Mawu ake, mabatani ake ndi dongosolo lawo n'za pulogalamu imene yafunsayo, pamodzi ndi zipangizo zimene inamangidwira, monga GTK kapena Qt. Chifukwa chake mudzapeza kuti m'mapulogalamu otsata mwambo wa Windows batani lovomera limatsogola ndipo lokana limatsatira, pamene m'mapulogalamu otsata mwambo wa Macintosh ndi GNOME lovomera limakhala kumapeto, ku dzanja lamanja; ndipo munthu angathe kusanthula fayilo ya FVWM usiku wonse osapeza mzere wosintha zimenezi, pakuti m'menemo mulibe. Safunsa anadya phula: musanayambe kukonza, dziwani kaye mwini wa chinthu chimene chakukwiyitsanicho.

Komabe zimene zatsala m'manja mwa nduna si zazing'ono. M'pangano lotchedwa ICCCM, limene David Rosenthal anatsogolera kulemba ndipo linatuluka mu 1989, munaikidwa chizindikiro cha WM_TRANSIENT_FOR, chimene kazenera ka funso kamanena nacho kuti ine ndine mwana wa zenera lakutilakuti. Window manager ikamva zimenezi ili ndi milandu itatu yoti iweruze: ngati kazenerako kavekedwe mpendero ndi mutu, malo amene kakhale, ndi ngati kalandire kiyibodi pomwepo. FVWM ikasiyidwa pa chikhalidwe chake imatisiya timazenera totere opanda chovala, ndipo mzere wakuti Style * DecorateTransient ndiwo umativeka, kuti munthu akhale ndi pogwira pofuna kutisuntha. Mzere wa RaiseTransient umalamula kuti kholo likakwezedwa pamwamba pa mazenera ena, mwana akwere nalo. Ndipo amene sanaonepo kufunika kwa lamulo limeneli sanakumanepo ndi tsoka la funso lobisala kuseri kwa zenera lalikulu, pamene pulogalamu yaima chilili kudikira yankho, mwini wake nadina apa ndi apo, nayesa kuti kompyuta yafa, naizimitsa, ntchito ya tsiku lonse n'kupita. Ku Openbox, m'fayilo ya rc.xml, munthu angathe kuika lamulo lokhudza mazenera onse a mtundu wa dialog, monga lakuti azituluka pakati pa sikirini.

Mlandu wachitatuwo ndiwo wolemera koposa, ndipo ulibe chigamulo chokondweretsa onse. Funso likalandira kiyibodi pomwepo, munthu amene walipempha yekha amayankha msanga osagwira mausi, ndipo zimenezi n'zabwino; koma likatuluka mosayembekezeka, pamene munthu ali pakati pa kulemba maso ali pa pepala, mawu ake amagwera m'kazenerako, ndipo akadina Enter wavomera chinthu chimene sanachiwerenge n'komwe. Likapanda kulandira kiyibodi, ngoziyo yapewedwa, koma funso lililonse lidzafuna ulendo wa mausi. FVWM imalekanitsa zinthu ziwirizi, pakuti ili ndi lamulo la mazenera atsopano onse ndi lina la timazenera tokhala ndi kholo, lotchedwa FPGrabFocusTransient. Ndipo ine ndiona kuti n'kwanzeru kulola mwana wa zenera limene munthu akugwiramo ntchito kuti alandire kiyibodi, koma kukaniza mlendo wochokera ku pulogalamu ina.

Pali timazenera tina timene window manager imamanga yokha, ndipo m'menemo mwini kompyuta ali ndi ulamuliro wonse. Gawo la FVWM lotchedwa FvwmForm limalola munthu kulemba funso, malo olembamo yankho ndi mabatani, batani lililonse ndi ntchito yake. Chofala kwambiri ndi funso lotsimikiza munthu asanatuluke, ndipo chifukwa chake n'chakuti pa makompyuta ambiri a X, window manager ndiyo pulogalamu yotsiriza m'fayilo yoyambitsira, kotero kuti ikatsekedwa mazenera onse amatsekeka nayo, ndi zonse zosasungidwa. Polemba funso lotere ndi bwino kuti batani linene ntchito yake, lina lakuti Tulukani ndi lina lakuti Bwererani ku ntchito, kusiyana ndi Inde ndi Ayi, amene munthu wotopa amadina asanawerenge chofunsidwacho. Koma mafunso asachuluke, pakuti amene amafunsidwa pa kanthu kalikonse amazolowera kuvomera ndi maso otseka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ifuna mtima womwewo. Wokonza asunge kaye kope la fayilo yakale, asinthe chinthu chimodzi, adzutsenso window manager n'kuona chimene chachitika asanapite pa china. Ndipo ngati walakwitsa kotero kuti menyu sikutulukanso konse, pa Linux angathe kudina Ctrl, Alt ndi F2 pamodzi, n'kulowa pa sikirini ya malemba okhaokha, m'mene angabwezeretse kope lija.

Masiku ano X ili kupatsa malo Wayland, imene Kristian Høgsberg anayamba mu 2008, ndipo m'dongosolo latsopanoli ntchito yojambula sikirini ndi yolamulira mazenera zaphatikizidwa m'pulogalamu imodzi, mwakuti FVWM ndi Openbox sizingalowemo monga zilili. Koma mwambo wolemba menyu ndi dzanja wawoloka nawo mtsinjewo, pakuti labwc, nduna ya m'dongosolo latsopanoli imene Raspberry Pi OS inaisankha mu 2024, imawerenga menu.xml ndi rc.xml zolembedwa m'kalembedwe ka Openbox, ndipo amene ali ndi menyu yake yakale angathe kuisamutsira m'foda ya labwc n'kungokonzamo mizere yowerengeka.