Ndege yopangira pakhomo: nkhani yagona kumphuno

Mukafika pa Lizulu kapena pa Kampepuza m'boma la Ntcheu tsiku la msika, mutha kuganiza kuti zonse zopangira ndege zili pomwepo. Owotcherera ali kalikiliki ndi mafelemu a zitseko, okhoma zidebe akupinda malata, ndipo pansi pa mtengo mnyamata wamasula injini ya njinga ya kabaza, zitsulo zili mbwee pachiguduli. Wokonda zamakina sangalephere kudzifunsa: injini imene imakwera zitunda za ku Tsangano itanyamula anthu awiri ndi thumba la mbatatesi, ingakanike bwanji kunyamula munthu mmodzi m'mwamba?

Alipo amene anayesapo. Mu 2016 kunamveka mbiri ya mmisiri wina wowotcherera, wa m'mudzi wina pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto kwa Lilongwe, amene anapanga helikopita ya munthu mmodzi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Anaikamo injini ya njinga yamoto ya 125cc, mapiko n'kumazungulira ndithu, anthu n'kumakhamukira kukaona. Koma anachenjezedwa kuti asayerekeze kuiulutsa akatswiri a zandege asanaiyendere. Luso analinalo. Chimene chimatsekereza amisiri otere ndi masamu a zinthu zitatu zimene pa ndege yaing'ono zimakhala kumphuno: injini, pulopela ndi chivundikiro chake.

Injini: mphamvu ipose thupi

Njinga imatsamira pansi, ndipo dothi ndi limene limasenza katundu. Ndege ilibe potsamira, motero kilogalamu iliyonse iyenera kulipiridwa ndi mphamvu. Injini ya 125cc imatulutsa mahosipawa ongopitirira pang'ono 10. Helikopita yaing'ono ya anthu awiri yotchedwa Robinson R22 imafuna oposa 120. Injini ya Rotax 912, imene ili m'ndege zing'onozing'ono zambiri padziko lapansi, imatulutsa 80 kapena 100, chonsecho imalemera makilogalamu pafupifupi 60 okha. Injini ya galimoto mphamvu ili nayo, koma ndi yolemera, ndiponso sinapangidwire kukoka mwamphamvu kwa maola osapumira monga zimakhalira m'mwamba.

Malo nawonso amadya mphamvu. Mpweya umapepuka munthu akamakwera, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse. Ndege imene inganyamuke bwino m'mamawa kuchigwa cha Bwanje ingafune bwalo lalitali ndithu kuti inyamuke masana a mu Okutobala kumtunda kwa Tsangano.

Kumangirira injiniyo ndi ntchito ina payokha. Amene anaimapo m'chigayo amadziwa mmene injini imagwedezera nyumba, ngakhale itakhazikidwa pasimenti. M'ndege mulibe simenti. Injini imakhala pachimango cha mapaipi achitsulo opepuka koma olimba, ndipo pakati pamaikidwa mphira womwa kunjenjemera. Mphira ukasowa, kunjenjemera kumang'amba chitsulo pang'onopang'ono, makamaka mowotcherera, mng'alu wosaoneka ndi maso mpaka tsiku lothyoka. Mabawuti samangidwa mongomva m'manja. Pali sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndipo akamanga amalowetsa waya kapena kapini kuti nati isamasuke yokha. Pakati pa injini ndi woyendetsa pamakhala khoma lachitsulo chosagwira dzimbiri lotchinga moto. Injini zambiri za ndege zimakhalanso ndi mapulagi awiri pasilinda iliyonse, kuti ina ikafa inzake ipitirize, poti m'mwamba mulibe poimika n'kukankha.

Chovuta kwambiri ndi malo ake enieni a injiniyo. Woyendetsa ngolo amadziwa kuti matumba akachuluka kumbuyo goli limanyamuka pakhosi pa ng'ombe, akachuluka kutsogolo ng'ombe zimagwada. Ndege ndi chimodzimodzi. Injini ikasunthira kutsogolo masentimita ochepa, mphuno imakana kudzuka. Kulemera kukathawira kumchira, ndege imayang'ana kumwamba, liwiro n'kutha, n'kugwa.

Pulopela si fani

Ana amaboola tsamba la mango ndi kamtengo n'kumathamanga nalo likuzungulira. Apo ndi mphepo imene ikuzunguza tsamba, monga zinalili ndi makina amphepo amene William Kamkwamba anamanga ku Wimbe, m'boma la Kasungu, mu 2002. Pulopela imachita zosemphana: imazunguzidwa ndi injini n'kumakankhira mpweya kumbuyo. Kwenikweni ndi phiko lozungulira. Nsonga yake imathamanga kuposa tsinde, n'chifukwa chake imasemedwa mopotoka, yopendekeka kwambiri kutsinde ndi pang'ono kunsonga. Lata lathyathyathya lopindidwa ndi nyundo limangochita phokoso ndi fumbi.

Pali malire a liwiro. Pulopela yotalika mamita 1.7 itazungulira ka 5,800 pamphindi, monga imachitira Rotax ikatsegulidwa yonse, nsonga zake zingapitirire mamita 500 pasekondi, pomwe liwiro la phokoso ndi mamita pafupifupi 340 pasekondi. Zikafika apo mphamvu imathera m'kulira. N'chifukwa chake injiniyi ili ndi magiya otsitsa kuzungulira kwa pulopela kufika cha m'ma 2,400.

Orville ndi Wilbur Wright, amene anauluka pa 17 Disembala 1903 ku Kitty Hawk m'dziko la America, anali okonza njinga zakapalasa. Injini yawo inali ya mahosipawa 12 okha, osasiyana kwenikweni ndi ya kabaza. Anauluka chifukwa ndege yawo inali yopepuka, ya mapiko aakulu, ndiponso anasema mapulopela awiri amatabwa otalika mamita 2.6, ozunguzidwa pang'onopang'ono kudzera pa matcheni. Ulendo woyamba unatenga masekondi 12, mtunda wa mamita 37.

Pomanga pulopela, mbali ziwiri zilemere mofanana, ndipo nsonga zonse zidutse pamzere umodzi, kusiyana kwake kusapitirire mamilimita awiri. Yathabwa imafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe, kotero mabawuti amene anamangidwa bwino mu Febuluwale amapezeka atakhwepa mu Okutobala. Ayenera kuyezedwanso nyengo ikasintha.

Chivundikiro si chokongoletsera

Ambiri amachiona ngati boneti ya galimoto. Ntchito yake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusalaza njira ya mphepo. Mu 1928 akatswiri a bungwe la NACA ku America, motsogozedwa ndi Fred Weick, anavundikira bwino injini ya ndege ina ndipo liwiro lake linakwera kuchoka pa makilomita 190 kufika pa 220 pa ola, injini ili yomweyo.

Yachiwiri ndi kuziziritsa. Mkati mumaikidwa timalata ndi mphira zokakamiza mpweya wolowa kutsogolo kudutsa m'zipsepse za masilinda usanatulukire pansi. Pakakhala mpata, mpweya umathawira pomwepo ngati madzi a m'ngalande yobooka, injini n'kupsa. Chivundikirocho chisakhudze paipi ya utsi, ndipo paipi ya petulo idutse kutali ndi moto. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: penti wonyezimira kunja sanena kanthu za zimene zili mkati.

Isananyamuke

Zotheka n'zotheka. Mu 2019 achinyamata 20 a ku South Africa analumikiza ndege ya anthu anayi yotchedwa Sling 4 m'masabata atatu, ndipo inauluka kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, kudzera kuno ku Malawi. Koma zida zake zinachokera kufakitale ya ku Johannesburg zitayezedwa kale, ndipo akatswiri ankayang'anira ntchitoyo. Ku America, kumene anthu ambiri amapangira ndege pakhomo, ndege yotere imayenderedwa kaye, kenako kawirikawiri imauluka maola 25 kapena 40 m'dera loikidwa isanaloledwe kunyamula anthu wamba. Kuno kwathu chilolezo chimachokera ku bungwe la Civil Aviation Authority. Wofuna kuphunzira popanda kuika moyo pachiswe angayambire pa madroni: sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu Januwale 2020, ndipo ophunzira ake amapanga ndi kuulutsa tindege topanda munthu.

Abale a Wright asanauluke anayesa timapiko pafupifupi 200 m'bokosi lopemereramo mphepo, uku akulemba manambala. Manja ngati awo ku Ntcheu alipo. Mnyamata wa pansi pa mtengo uja akadzamaliza kumanga injini, pulopela ndi chivundikiro, asadzathamangire kukoka chingwe. Adzayambe wabwereka masikelo atatu kwa ogula nyemba pamsika, aike imodzi pansi pa tayala lililonse, atenge cholembera. Manambala akakana, ndegeyo ikhale pansi.