NGOZI YA THILAKI: THANDIZANI ACIPATALA KUTI ASAPHONYE

Mseu waukulu wocokera ku Lusaka umadutsa pakati pa tauni yathu ya Kafue, ndipo mathilaki olemera amapitamo usana ndi usiku. Akaoloka mlatho ndi kufika pa Turnpike, ena amalowera ku Mazabuka kudzera m'mapiri a Munali, ena ku Chirundu. Thilaki ikagunda basi, ovulala amacuruka. Ambiri akumbukira ngozi ya ku Chibombo ya pa 7 February 2013, pamene basi inagundana ndi thilaki ndipo anthu oposa 50 anafa. Pa tsiku lotere odwala amafika ku Casualty nthawi imodzi, ogwira nchito ali ocepa. Apa ndi pamene zolakwa zimalowera, ndipo zambiri zingapewedwe ngati acibale ndi acipatala athandizana.

CIMENE CIMAPHA SICIONEKA

Munthu wamkuru ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Fupa la nchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo ingatayikire mkati popanda dontho kuoneka kunja. Mafupa a m'ciuno akasweka, kapena kapamba ndi ciwindi zikang'ambika, magazi otayika amaposa pamenepo. Wodwala angamalankhule bwino, koma manja ake azizira, atuluka thukuta, amva ludzu ndipo mtima uthamanga. Maso a onse amathamangira cironda ca pamphumi, pamene imfa iri m'mimba.

Ndico cifukwa cake ife acipatala timatsata ndondomeko imodzi: coyamba njira ya mpweya ndi khosi, caciwiri kupuma, cacitatu magazi, kenaka ubongo, ndipo pomariza timabvula wodwala ndi kumuona thupi lonse, ndi kumbuyo komwe. Musakwiye mukaona anesi adumpha m'bale wanu amene akukuwa ndi kuyamba ndi wina wongokhala cete. Wokuwa akupuma. Wacete ndiye angatisiye msanga.

PAMALO A NGOZI

Musamukoke wovulala ndi manja kapena miyendo, kupatula ngati pali moto. Fupa la khosi lothyoka likagwedezeka, munthu angafe ziwalo moyo wake wonse. Mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena atatu anyamule thupi mowongoka, ndipo mumugoneke pa citseko kapena thabwa. Pamene patuluka magazi panikizani ndi citenje coyera osaleka. Musathirepo dothi, mafuta a mabuleki kapena mankhwala a cikuda. Musamupatse madzi, munkoyo kapena cakudya ngakhale apemphe, cifukwa akamugonetsa pa opaleshoni angasanze ndipo masanzi angalowe m'mapapo. Yambani mwapita ku cipatala. Pepala la kupolisi lidzabwera pambuyo.

ZIMENE MUYENERA KUTIUZA

Munthu mmodzi wodziwa bwino wodwalayo ndiye alankhule. Anthu khumi akamalankhula pamodzi, cofunika cimatayika.

1. Nthawi ya ngozi. Kafukufuku wochedwa CRASH-2, wa odwala oposa 20,000 m'maiko 40, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 ndi 2011, anaonetsa kuti mankhwala a tranexamic acid amacepetsa imfa za kutaya magazi ngati aperekedwa maola 3 asanathe. Akacedwa sathandiza.

2. Mmene anavulalira: kodi anaponyedwa kunja, anapanikizidwa ndi zitsulo, kapena anakomoka ngakhale pang'ono?

3. Matenda ndi mankhwala amene amamwa: a shuga, BP, khunyu, TB, sickle cell kapena ma ARV. Musabise cifukwa ca manyazi. Nenaninso ngati penicillin kapena Septrin anamutulutsapo ziwengo.

4. Ngati ndi mai, nenani ngati ali ndi pakati kapena mukuganizira kutero.

5. Nthawi imene anadya komariza, ndiponso ngati anamwa mowa. Koma musalole kuti wina angonena kuti “waledzera cabe, agone.” Kubvulala kwa ubongo kumafanana kwambiri ndi kuledzera.

6. Dzina lake lonse monga liriri pa reji. M'ngozi imodzi mungakhale a Phiri atatu. Magazi a gulu lina akaikidwa mwa munthu wolakwika angaphe, conco dzina la pa khadi, pa botolo ndi pa X-ray likhale limodzi.

ALI M'WODI

Wodwala akamva ululu waukuru pa mwendo, samva kabvulalidwe kena ka pa phewa kapena pa msana. Ndico cifukwa cake ayenera kupimidwanso thupi lonse tsiku lotsatira. Inu osamalira wodwala ndinu amene mumakhala pa bedi usiku wonse. Itanani anesi msanga mukaona mimba ikutupa, kupuma kwabvuta, tulo tosadzutsika, zala zatupa ndi kuzizira m'pulasitala, kapena mkodzo wacepa ndi kuda ngati tiyi. Mkodzo wotere umaoneka mwa amene anapanikizidwa nthawi yaitali, ndipo umasonyeza kuti impso ziri pangozi. Funsani mwaulemu kuti, “Kodi jekiseni iyi ndi ya ciani? Nanga ya kafumbata walandira?” Wogwira nchito wabwino sakwiya ndi funso lotere.

Akamutumiza ku UTH ku Lusaka, onetsetsani kuti kalata, ma X-ray ndi mndandanda wa mankhwala amene walandira kale zapita naye. Popanda zimenezi madokotala a kumeneko amayambanso pa ciyambi, ndipo mankhwala ena angaperekedwe kawiri.

MUKABWERERA KU NYUMBA

Magazi angamadonthe pang'onopang'ono mkati mwa mutu munthu akuyenda ndi kuseka. Masiku awiri oyamba asagone yekha ndipo asamwe mowa. Akayamba kusanza, kusokonezeka, kugwa khunyu, kumva mutu ukukulirakulira, kufooka mbali imodzi, kapena kutuluka madzi m'khutu ndi m'mphuno, bwererani naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Pomariza, inu a ku Shikoswe, Zambia Compound ndi ku Estates amene mumakwera mabasi a ku Lusaka masiku onse, lembani pa kapepala dzina lanu, matenda anu, mankhwala amene mumamwa ndi nambala ya foni ya m'bale, ndipo mukasunge pamodzi ndi reji. Mukakomoka, kapepalako kadzakulankhulirani. Ndipo a Zambia National Blood Transfusion Service akabwera kudzapempha magazi, pitani mukapereke.