Gasi sanathe: firiji ya m'galimoto ndi batire lake

"Amisiri, gasi watha. Tangothiranimo wina." Umu ndi mmene amayambira pafupifupi aliyense wobwera kwa ine ndi firiji ya m'galimoto. Amabwera madalaivala otenga alendo kuchoka kuminda ya tiyi kupita nawo ku Majete kapena ku Lengwe, amabwera ogulitsa nyama ndi zoziziritsa kukhosi m'misika, amabweranso alangizi a ziweto oyenda ndi katemera wa chitopa m'midzi ya kuno kwa Nsabwe. Nthawi zambiri gasi amakhala ali bwinobwino. Gasi wa m'firiji satha chifukwa chogwira ntchito. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake paboka. Mmisiri wothiramo wina asanapeze bowolo wakudyerani ndalama zanu. Chimene chimakhala chadwala ndi batire, kapena waya wochoka kubatire kupita kufiriji.

Firiji sipanga kuzizira. Imatola kutentha kumene kuli mkati n'kukutayira kunja, kudzera pa timapaipi tokhala pafupi ndi kompuresa, timene fani imapemerera. Ntchito yake ili ngati ya munthu wokapa madzi m'bwato lochucha pa Ruo: madzi akamalowa pang'ono amakapa n'kupumako, akamalowa ambiri sapuma mpaka mkono kulema. Kutentha kumalowa kudzera m'makoma a firiji, pachitseko mukatsegula, komanso ndi chilichonse chofunda chimene mwaikamo. Konse kumene kwalowako, wolipira ndi batire.

Si bokosi lililonse lokhala ndi pulagi ya m'galimoto limene ndi firiji. Alipo mabokosi otchipa opanda kompuresa, oyendera kachipangizo kotchedwa Peltier. Amenewa amakoka magetsi osapuma, ndipo amangotsitsa kutentha ndi madigiri pafupifupi 15 mpaka 20 kuchoka pa mmene kunja kulili. Kunja kukakhala madigiri 38, mkati muli cha m'ma 20, ndipo nyama ionongeka ili m'bokosi lomwelo. Aliponso mafiriji oyendera gasi wophikira, magetsi a m'nyumba ndi batire. Pa gasi amachita bwino akakhala pamalo osapendekeka, koma pa batire amakoka mphamvu yochuluka kwambiri. Ena amanyamula firiji ya m'nyumba n'kuilumikiza ku inveta. Zimatheka, koma inveta nayo imadyako gawo lake ngakhale firiji ikupuma, ndipo firiji ya m'nyumba sanaipangire mabampu. Ya paulendo yeniyeni ndi ya kompuresa ya 12V, monga za Engel, National Luna kapena SnoMaster, zimene ambiri amabwera nazo kuchokera ku South Africa.

Tsopano masamu, pakuti apa ndi pamene anthu amadabwa. Pa batire amalembapo nambala monga 100Ah. Firiji ya malita 40 imakoka maampu atatu kapena anayi pamene kompuresa ikulira. Tiwerengere anayi. Kuno kumtunda m'mwezi wa June, tinene kuti kompuresa yalira maola 6 pa tsiku lonse: 4 kuchulukitsa ndi 6 ndi 24Ah. Tsikani nayo firiji yomweyo mumsewu wa Thekerani mpaka ku Muona m'mwezi wa October, kumene kutentha kumafika madigiri 40, kompuresa ilire maola 14: zakwana 56Ah. Batire wamba la asidi siliyenera kutsika kupyola theka, apo ayi limafa msanga. Choncho pa 100Ah paja, zanu zenizeni ndi 50 zokha. Kumtunda kuno zikukwanirani masiku awiri, kuchigwa sizifika ndi tsiku limodzi lomwe. Firiji ndi yomweyo, batire ndi lomwelo, chasintha ndi malo. Mabatire a lithiamu a mtundu wa LiFePO4 amalola kuwatapa mpaka 80 pa 100 kapena kupyolapo, ndiponso ndi opepuka, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo amafuna chotchajira chawochawo.

Mwini firiji aliyense ndimamuuza agule kamita koyezera mphamvu ya batire. Ndi kotchipa kuyerekeza ndi batire latsopano. Batire la asidi likapuma kwa kanthawi, popanda chokoka kapena cholitchaja, 12.6V kapena 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.2V ndiye kuti lafika theka. Likatsika pansi pa 12, mukulipha. Injini ikamalira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikapanda kufika pamenepo, nthawi zambiri altaneta kapena lamba wake ali ndi vuto, ndipo ulendo wonse batire lanu silikudya mokwanira.

Batire lolizira injini musaligoneke ndi firiji. Analipanga kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa kenako altaneta ibwezere msanga. Kulitapa pang'onopang'ono usiku wonse kumaliononga, ndipo m'mawa mudzafuna anthu okukankhani pamalo pamene mwina palibe anthu. Firiji ikhale ndi batire lachiwiri, la mtundu umene timaika pa sola, ndipo pakati pa mabatire awiriwa pakhale chipangizo chowalumikiza injini ikalira n'kuwalekanitsa ikazima. Galimoto zina zatsopano zili ndi altaneta yotsitsa yokha mphamvu pofuna kupulumutsa mafuta. Pa zoterezi pamafunika chotchajira cha DC-DC, apo ayi batire lachiwiri silidzaza konse. Ngati mulibe kuchitira mwina koma kugwiritsa ntchito batire limodzi, yang'anani pa firiji: ambiri ali ndi posankha pa H, M ndi L, posonyeza pamene firiji idzizimitse yokha batire likafooka. Ikani pa H.

Koma mdani wamkulu amene ndimakumana naye ndi waya. Magetsi a 12V ndi ochepa kale, ndiye pang'ono pokha potayika panjira pamaoneka. Tengani waya wopyapyala wa 1.5mm², kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo kwa pikapu, mamita 6 popita ndi 6 pobwerera. Firiji ikakoka maampu asanu, wayayo yekha amadya pafupifupi 0.7V. Batire lili pa 12.2, firiji ikuona 11.5, ndipo kompuresa ikati iyambe, pamene imakoka kwambiri, mphamvu imatsikiratu. Firiji imaganiza kuti batire latha, imazima, imadikira pang'ono, imayesanso. Mwini wake amangomva kuti tiki, kenako zii, n'kunena kuti gasi watha. Waya wa 6mm² pa mtunda womwewo sataya ngakhale 0.2V. Pogula, senderaniko pang'ono ndi mpeni muone mkati, pakuti m'misika mwadzaza waya wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, wina chikopa chonenepa koma mitsitsi yake yowerengeka. Soketi yoyatsira fodya ya m'galimoto nayo ndi yosadalirika. Mumsewu wa miyala pulagi imasunthasuntha, imatentha, nthawi zina mpaka kusungunuka, ndipo m'galimoto zambiri soketiyo imazima mukachotsa kiyi. Kokani waya wakewake kuchoka kubatire, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batirelo. Waya wopanda fyuzi akakhudza chitsulo cha galimoto amayaka moto, ndipo pa ichi sindinyengerera kasitomala aliyense.

Zotsalazo zili m'manja mwanu, ndipo sizifuna ndalama. Yatsani firiji pa magetsi a ESCOM usiku woti mawa mukunyamuka, muikemo zinthu zozizira kale. Kuziziritsa kireti ya zakumwa zofunda ndi ntchito yolemera kuposa kusunga zozizira tsiku lonse. Mpata wotsala dzazani mabotolo a madzi ozizira, chifukwa madzi amasunga kuzizira nthawi yaitali, pamene mpweya umathawa mukangotsegula. Ikani pa madigiri 3 kapena 4. Kutsitsa mpaka pansi pa ziro pamene mwanyamula mkaka ndi ndiwo ndi kuzunza batire pachabe. Musatsamize matumba pa timawindo totulukira mpweya, ndipo fumbi la chilimwe likamata pa timapaipi, lichotseni ndi kaburashi kofewa. Galimoto yotsekedwa mawindo padzuwa imapitirira madigiri 50 mkati, ndiye funani mthunzi.

Za sola anthu amayembekezera zambiri. Panelo ya 100W, itayang'ana dzuwa bwino tsiku lowala, imabweza cha m'ma 25Ah mpaka 30Ah, zokwanira firiji yaing'ono nyengo yozizira. Koma kuno ku Thyolo tili ndi chiperoni. Nkhungu ikakuta mapiri masiku angapo, panelo imangopereka kadontho. Mwayi wake ngwakuti masiku omwewo firiji nayo imadya pang'ono. Kumene muyenera kuwerengera mosamala ndi kuchigwa, kumene dzuwa lilipo lambiri koma panelo ikatenthedwa imapereka mocheperapo, pamene firiji ikufuna zochuluka. Kumeneko panelo imodzi ya 100W siikwana.

Onyamula mankhwala ndiwalankhule mwapadera. Akatemera ambiri komanso insulini ya odwala shuga zimasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo insulini ikaundana yaonongeka ngakhale itasungunukanso. Nambala yooneka pa firiji imachokera pa kachipangizo kamodzi kokhala pakhoma, pamene pansi ndi m'mbali mumazizira kuposa pamwamba. Ikani choyezera kutentha chapadera pakati pa mankhwalawo, ndipo musawagunditse kukhoma.

Nanga gasi akathadi mungadziwe bwanji? Kompuresa imalira osaleka, mphamvu yofika pa firiji ili bwino, fani ikuzungulira, koma makoma a mkati sakuzizira kapena akuzizira kachigawo kamodzi kokha, ndipo timapaipi ta kunja sitikufunda. Nthawi zina pamalo pobokapo pamaoneka mafuta. Zikatero pitani nayo kwa mmisiri, ndipo mumufunse aone chikwangwani cha pa firijiyo asanathire chilichonse: pamalembedwa mtundu wa gasi, R134a kapena R600a, ndi magalamu ake. Mitundu iwiriyi siisakanizidwa, ndipo R600a amayaka, choncho wowotcherera paipi ayenera kuyamba wamutulutsa yense.