Kodi Mumadziwa? Mizere Imene Kompyuta Siifikako

Kodi mumadziwa kuti m'pulogalamu mumatha kukhala mizere imene kompyuta siidzaiwerenga mpaka kalekale? Lamulo lolembedwa pansi penipeni pa return, lamulo lotulutsa kompyuta m'gawolo, limangokhala ngati nyumba yomangidwa kopanda njira. Compiler, yomwe imasandutsa zolemba za munthu kukhala malamulo omveka kwa makina, imatha kuona zimenezi n'kuchenjeza.

Kodi mumadziwa kuti mzere umodzi wobwerezedwa unaika eni iPhone pachiswe? Mu February 2014 kunadziwika kuti m'pulogalamu ya Apple yotsimikizira kuti webusaiti ndi yeniyeni, goto fail inalembedwa kawiri motsatizana. Yoyambayo inali pamalo pake. Yachiwiriyo inkadumphitsa kompyuta nthawi zonse, moti gawo lomaliza lofufuza siginecha silinkafikidwa. Choopsa n'chakuti podumphapo pulogalamu inkayankha kuti zonse zili bwino, choncho wakuba amene ali nanu pa WiFi imodzi akanatha kudzionetsa ngati banki yanu. Apple inakonza vutoli mu iOS 7.0.6, kenako mu OS X 10.9.2 patapita masiku ochepa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chenjezo lake linalipo kale. Compiler ya Clang ili ndi -Wunreachable-code, koma muyenera kuliyatsa nokha; ngakhale -Wall, imene ambiri amaidalira, siiliyatsa.

Nanga compiler ya GCC? Kuyambira pa 4.5 imalandira -Wunreachable-code yomweyo mwaulemu, osachitapo kanthu. Mukaona yakhala chete musamasuke mtima.

Kodi mumadziwa kuti compiler ya Java siichenjeza n'komwe, imangokana? Mzere wosafikika ukapezeka, pulogalamu siimangidwa. Koma if (false) opanga Java anaisiya dala kuti olemba azitha kuzimitsa gawo lina kwa kanthawi. C# imapereka chenjezo CS0162, pamene Rust imachenjeza yokha musanaipemphe.

Kodi mumadziwa kuti palibe compiler ingapeze mizere yonse yotere? Mu 1936 Alan Turing anaonetsa kuti pali mafunso okhudza zimene pulogalamu idzachite omwe palibe makina angawayankhe pa pulogalamu iliyonse. Funso loti mzere uwu udzafikidwa kapena ayi lili m'gulu lomwelo. Compiler imagwira zoonekeratu zokha, zobisika zimatsalira anthu oyesa pulogalamu.

Opanga magalimoto sachita masewera ndi mizere yotereyi. Malamulo a MISRA C a 2012, amene amatsatidwa polemba mapulogalamu a m'galimoto, amaletseratu mizere yosafikika pa lamulo 2.1.